Tenda ya Walthamstow ya 1991: Kampani Idawina Maruti, Chaka Chisanathe n'Kutsekedwa

Ntchito yanga ndi yokonza ndandanda ya mabasi ndi kuwerengera mitengo ya ma tenda (mpikisano wa makampani ofuna kupatsidwa ntchito) m'kampani ina yoyendetsa mabasi ofiira a mu London. Ruti (njira yomwe basi imayenda) ikatuluka pa tenda, mapepala ake amafikira pa desiki yanga. Ndimaona utali wa njira, mabasi angati akufunika pa ola, basi yoyamba inyamuke nthawi yanji, yomaliza ikagone nthawi yanji, kenako ndimatsegula tebulo la ndalama pa kompyuta. M'tebulo lonselo muli kabokosi kamodzi komwe ndimakagwira ndi manja awiri, komwe timalembamo ndalama zomwe dalaivala azilandira pa ola. N'kakang'ono ngati kena kalikonse, koma ukangotsitsa nambala yake pang'ono, mtengo wa chaka chonse umagwa moti ungathe kuwadutsa onse opikisana nawe.

Nkhani iyi ndi ya kampani yomwe idatsitsa nambala imeneyo eni ake malipirowo asanavomere. Idachitika mu 1991, ine ndisanaponde dziko lino, koma m'magaraja a kum'mawa kwa London mukadali akuluakulu omwe adaiona ndi maso, ndipo dzina la London Forest likatchulidwa m'kantini nkhope zawo zimasintha. Ndikuilembera anzanga okonza ma tenda, owunika ma tenda, ndi oimira ogwira ntchito.

Mmene mpikisanowu udayambira

Mpaka 1984 mabasi a mu London ankayendetsedwa ndi bungwe limodzi la boma, London Transport. Chaka chimenecho boma la Margaret Thatcher lidakhazikitsa lamulo lochotsa bungweli m'manja mwa khonsolo yaikulu ya mzindawu, n'kupanga London Regional Transport, yomwe aliyense ankangoitchula kuti LRT. Lamulolo lidaipatsa LRT udindo woitana makampani kuti apikisane pa ntchito zake. Mu 1985 mabasi onse adaikidwa m'kampani yapayokha, London Buses, yomwe mwini wake anali LRT yomweyo, ndipo mu Julaye chaka chomwecho maruti oyamba a tenda adayamba kuyenda. Ruti 81, ya pakati pa Hounslow ndi Slough, idapita ku kampani yaing'ono ya London Buslines.

Owerenga a kwathu amvetse bwino apa, chifukwa mpikisano wake si wa maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre, olimbirana munthu mmodzi woima pasiteji. Kunja kwa London boma lidamasuladi msewu pa 26 Okutobala 1986, aliyense wokhala ndi chiphaso n'kumayendetsa basi komwe wafuna. Mu London sizidatero. Pamsewu ruti iliyonse inali ndi kampani imodzi yokha. Kulimbirana kunkachitikira mu ofesi, m'maenivelopu omata, ruti isanayambe kuyenda. LRT ndiyo inkasankha njira, kuchuluka kwa mabasi ndi mtengo wa tikiti, ndipo ndalama zonse zamatikiti zinkapita kwa iyo. Kampani inkangonena kuti ntchito imeneyi ndiigwira pa ndalama zakuti pa chaka, kontirakiti yake kawirikawiri ya zaka zitatu.

Kontirakiti yotere ili ndi ubwino waukulu, ndipo ine ndimaiyamikira: dalaivala sathamangitsana ndi mnzake, sadzazitsa anthu ngati matumba, sakana kupita kumapeto kwa ruti usiku chifukwa choti kulibe okwera. Koma imatseka khomo limodzi. Kampani singawonjezere zomwe imapeza ponyamula anthu ambiri. Yofuna kuwina iyenera kutsitsa zomwe imawononga, ndipo malo otsitsira ndi ochepa. Dizilo amagulidwa pamtengo wofanana ndi wa mnzako. Matayala chimodzimodzi. Basi yatsopano mtengo wake susiyana kwenikweni. Chotsala ndi anthu, pakuti ndalama zoposa theka za mtengo wa ruti zimapita kwa madalaivala, amakaniko ndi oyang'anira. London Buses inali ndi mapangano akalekale ndi bungwe la ogwira ntchito la TGWU, magaraja aakulu ndi maofesi ambiri. Opikisana nayo ena anali ndi bwalo la miyala, mabasi ogula akale ndi malipiro otsika.

Zizindikiro zoyamba

London Buses itayamba kuluza maruti, idapeza njira yodzitetezera. Dera lonse likatuluka pa tenda, inkakhazikitsa nthambi yatsopano ya dzina lina, utoto wina, ndi malipiro otsikirapo. Harrow Buses idayamba motero mu Novembala 1987, Bexleybus mu Januwale 1988. Papepala zonse ziwiri zidawina. Pamsewu zidavutika: madalaivala ankachoka, mabasi ambiri anali okalamba, maulendo ankadumphidwa, okwera n'kumadandaula. Maruti awo atabwereranso pa tenda, ambiri adapita kwa ena, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1991 mayina onse awiri adali atafufutika pamabasi.

Pakati pa zonsezi, mu Novembala 1988, ruti 24 idatengedwa ndi kampani ya Grey-Green. Ruti imeneyi imadutsa pakati penipeni pa mzinda, pakhomo pa Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu adayamba kuona mabasi otuwa ndi obiriwira pomwe adazolowera ofiira. Bwana aliyense wa garaja adamva uthenga wake: palibe ruti yomwe ili yako mpaka kalekale.

Mu Epulo 1989 London Buses idagawidwa m'makampani 11, pokonzekera kudzawagulitsa. Imodzi mwa iwo inali London Forest, ya kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, chizindikiro chake mtengo wa oak. Magaraja ake anali Walthamstow, Leyton, Clapton ndi Ash Grove. Kuyambira tsiku limenelo kampani iliyonse inkawerengeredwa payokha, ndipo mabwana ake ankadziwa kuti wogula akadzabwera adzafunsa kuti muli ndi maruti angati.

Tenda ya Walthamstow

LRT idatulutsa maruti a dera la Walthamstow pa tenda nthawi imodzi. Kwa London Forest imeneyi sinali nkhani ya ruti imodzi kapena ziwiri. Inali nkhani ya moyo wa garaja lonse, ndipo amene sadawerengerepo mtengo wa ruti sangaone msanga chifukwa chake. Garaja lili ndi zolipira zomwe sizichepa mabasi akachepa: denga, magetsi, makina otsukira mabasi, maenje a amakaniko, mlonda wa pageti, bwana ndi alembi ake. Zonsezi timazigawa pa mabasi omwe ali m'garajamo. Ukaluza maruti angapo, katundu yemweyo amasenzedwa ndi maruti otsala, mtengo wawo n'kukwera, ndipo pa tenda yotsatira nawonso amaluzika. Garaja silifa tsiku limodzi. Limayamba kupepuka, kenako limagwa lokha.

Mabwana a London Forest anali ndi njira zitatu patsogolo pawo. Akadatha kulemba mtengo weniweni, wa malipiro omwe adalipo, n'kuvomereza kuti mwina aluza. Akadatha kukhala pansi ndi TGWU envelopu isanamatidwe, kuwaonetsa mabuku, n'kugwirizana kuti tingafike pati. Njira yachitatu inali yolemba mtengo wotsika wodalira malipiro ochepa ndi maola ochuluka, ndi chiyembekezo choti ntchito ikapezeka ogwira ntchito sadzakhala ndi kochitira mwina. Zomwe zidatsatira zikuonetsa kuti mtengo womwe udalowa m'envelopu unali wa njira yachitatu. London Forest idawina maruti a Walthamstow, koma kuti iwayendetse pa ndalama zomwe idalonjeza, madalaivala ankayenera kulandira zochepa ndi kugwira maola ambiri, ndipo pangano la zimenezo kunalibe. Adagula mbereko mwana asanabadwe.

Sindikhulupirira kuti mabwanawo anali anthu ouma mtima kapena osadziwa masamu. Ndakhalapo m'chipinda chomwe mtengo womaliza umasankhidwa, ndipo mantha oluza garaja ndimawadziwa. Zifukwa zowapatsa chidaliro zidalipo. Chuma cha Britain chinali chitalowa pansi mu 1991, ulova ukukwera. Mabungwe a ogwira ntchito adali atafooka chichokereni sitalaka ya a m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985. Sitalaka yaikulu ya mabasi a mu London yomwe anthu ankaikumbukira inali ya 1958. Ndipo ku Harrow Buses ndi ku Bexleybus malipiro otsika adali atadutsa. M'maganizo anga, apa mpomwe adaphonya: adaona kuti malipirowo adadutsa, osaona kuti maruti omwe adagulidwa ndi malipiro amenewo adali atangotayika miyezi yochepa m'mbuyomo.

Pali chinanso. Kutsegula nthambi yatsopano n'kulemba anthu pa malipiro atsopano ndi nkhani ina, kupita kwa munthu yemwe wayendetsa basi zaka 20 m'garaja lomwelo n'kumuuza kuti kuyambira mwezi wakuti azilandira zochepa ndi nkhani inanso. Munthu ameneyo ali ndi ngongole ya nyumba yomwe adaitenga powerengera malipiro ake. Ali ndi ana kusukulu. Amadziwa kuti ruti yake sidasinthe, magalimoto pamsewu sadachepe, okwera ndi omwewo. Ukamuuza kuti kampani yawina, koma iye ndiye alipire kuwinako, sakumva nkhani ya mpikisano. Akumva kuti wagulitsidwa iye kulibe.

Mu Julaye 1991 ogwira ntchito adanyanyala. Sadaime a ku Walthamstow okha. Mabasi a London Forest adagona m'magaraja kwa masabata oposa awiri, anthu a ku Hackney, Leyton, Walthamstow ndi Chingford n'kumayenda pansi kapena kudzazana m'sitima. Mkulu wina yemwe ndidagwira naye ntchito, amene pa nthawiyo anali dalaivala wachinyamata, ankati chomwe sadaiwale ndi zii wa m'garaja m'mawa. Nthawi yomwe mainjini amalira onse pamodzi, utsi uli tolo, woyang'anira akukuwa manambala a mabasi, kunkangomveka nkhunda padenga, mabasi ali ndondondo, makatani a manambala akuonetsabe komwe adachokera tsiku lomaliza.

Pomwe nkhani idatembenukira

Mbali zonse ziwiri zinkakoka chingwe poganiza kuti nkhani ili pakati pa kampani ndi antchito ake. Zidaiwala wachitatu, mwini ntchito. LRT idali italonjeza anthu a Walthamstow maruti atsopano, ndipo tsopano idaona kuti kampani yomwe yawina singakwanitse kugwira ntchitoyo pa mtengo womwe idalemba. Idalanda marutiwo n'kuwapereka kwa ena: Capital Citybus, yomwe mabasi ake anali achikasu ndipo eni ake anali a ku Hong Kong, Thamesway, ndi County Bus.

Ukaika chiganizochi pa sikelo ya mwini ntchito, chimamveka. Udindo wa LRT unali kwa okwera, ndipo ikadavomera kukweza mtengo wa London Forest pambuyo pa tenda, ikadalakwira makampani omwe adaluza atalemba mitengo yoona. Kuyambira pamenepo aliyense akadamalemba mtengo wabodza n'kudzapempha owonjezera atawina. Ndikadakhala pa mpando umenewo pa nthawiyo, ndikuganiza kuti nanenso ndikadalanda.

Pomwe ndimaidzudzula LRT ndi m'mbuyo mwake, tsiku lotsegula maenivelopu. London Forest inali mwana wa London Buses, London Buses mwana wa LRT. Malipiro a madalaivala ake sanali chinsinsi. Wowunika tenda akaona mtengo wotsika kuposa zomwe akudziwa kuti kampaniyo imawononga, funso limakhala limodzi: mwachotsa pati? Yankho likakhala loti pa malipiro, funso lachiwiri ndi loti pangano lake lili kuti, lasainidwa ndi ndani? Mtengo wodalira pangano lomwe kulibe suyenera kuikidwa pa mzere umodzi ndi mitengo ina ngati kuti n'zofanana. Ukauvomera, watenga mkangano wa m'nyumba ya kampani n'kuupachika pa okwera.

Maruti a Walthamstow atachoka, zomwe mabwana ankaopa zidachitika, koma mokulirapo. Mu Novembala 1991 London Forest idatsekedwa. Garaja la Walthamstow, lomwe lidayamba ngati depoti ya matramu (sitima zazing'ono zoyenda mumsewu) kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, lidatsekedwa. La Ash Grove, lomwe lidali litangokwanitsa zaka khumi, nalonso lidatsekedwa. Leyton idaperekedwa ku kampani ya East London, Clapton ku Leaside, makampani ena a London Buses yomweyo. Pa makampani 11 aja, London Forest yokha ndiyo sidafike tsiku logulitsidwa.

Ogwira ntchito adakana kudulidwa malipiro, ndipo anali ndi chifukwa, koma ambiri adataya garaja lawo. Ena adasamutsidwa, ena adapuma, ena adakafunsira ntchito ku makampani omwe adatenga marutiwo, n'kukayambira pansi. Malamulo a TUPE, oteteza wantchito ntchito yake ikasintha manja, adalipo kuyambira 1981, koma masiku amenewo ruti inkapita yokha, anthu ake n'kutsala. Kwa oimira ogwira ntchito, mfundo yowawa ili apa: pa kontirakiti ya tenda, bwana wako si mwini ntchito. Ungamugonjetse iye, ntchito n'kunyamulidwa ndi munthu yemwe sudakhale naye patebulo. TGWU inkayenera kukhala ikugogoda pakhomo pa LRT kuyambira tsiku lomwe zotsatira za tenda zidalengezedwa.

Zomwe zidatsatira

Makampani otsalawo adagulitsidwa mu 1994 ndi kumayambiriro kwa 1995. East London, pamodzi ndi garaja la Leyton, idagulidwa ndi Stagecoach mu Seputembala 1994. Ndi Stagecoach yomweyo yomwe idalowa m'Malawi mu 1989 potenga United Transport Malawi, moti pa zaka zimenezo dalaivala wa ku Leyton ndi wa pa depoti ya Wenela ankagwirira ntchito eni amodzi. Leaside idagulidwa ndi Cowie, yomwe pambuyo pake idasintha dzina kukhala Arriva. Capital Citybus idamezedwa ndi FirstGroup mu 1998.

Chizolowezi chothamangira mtengo wotsikitsitsa sichidathe ndi London Forest. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adayesa makontirakiti ena, oti kampani izisunga ndalama zamatikiti n'kusenza yokha chiopsezo okwera akachepa. Mu Disembala 1999 kampani ya Harris Bus, yomwe inkayendetsa maruti ngati 108 yodutsa mu Blackwall Tunnel, idagwa. Posowa woitenga msanga, LRT idatsegula kampani yakeyake, East Thames Buses, ndipo mu 2000 mageti a Ash Grove adatsegulidwanso. Kampani imeneyi idakhala m'manja mwa boma mpaka idagulitsidwa ku Go-Ahead mu 2009.

Kusintha kwenikweni kudabwera ndi Transport for London, TfL, yomwe idayamba mu 2000 pansi pa meya wa mzinda. Kuyambira 2001 makontirakiti adayamba kulipira khalidwe la ntchito. Ndalama zamatikiti zidabwerera kwa mwini ntchito, kontirakiti idakhala ya zaka zisanu, ndi zina ziwiri zowonjezera kwa wogwira bwino. Pa maruti a mabasi apafupipafupi amayeza nthawi yomwe wokwera wadikira kuposa yomwe akadadikira mabasi akadayenda motalikirana bwino. Ukachita bwino kuposa mulingo, umalandira bonasi. Ukalephera, amakudula. Makilomita omwe sudayende chifukwa chosowa dalaivala kapena basi yowonongeka salipidwa. Tanthauzo lake kwa ife owerengera n'lakuti malipiro othawitsa madalaivala amabwerera kudzakuluma m'buku lomwelo. TfL imasindikizanso zotsatira za tenda iliyonse: adapikisana angati, mtengo wotsikitsitsa, wokwera kwambiri, ndi chifukwa chake ngati wotsikitsitsa sadapatsidwe.

Malipiro adatenga nthawi yaitali kuti achoke pa bwalo la mpikisano. Malamulo a TUPE adakonzedwanso mu 2006, ndipo lero ruti ikasintha kampani, madalaivala ake ali ndi ufulu wopita nayo pa malipiro awo. Komabe kusiyana pakati pa makampani kudakula kwambiri, kufikira pomwe mu Januwale ndi Febuluwale 2015 bungwe la Unite, lomwe lidalowa m'malo mwa TGWU, lidaimitsa mabasi a makampani 18 pofuna malipiro ofanana mumzinda wonse. Mu 2017 meya Sadiq Khan adakhazikitsa malipiro oyambira a dalaivala osachepera £23,000 pa chaka. Kuchokera ku Walthamstow kufika pamenepo padadutsa zaka 26.

Kabokosi kaja lero

Wina angaganize kuti poti malipiro ali ndi pansi pake, nkhaniyi idatha. Sidathe, idangosamukira m'kabokosi kena, ndipo kameneka ndi ka ife okonza ndandanda. Mtengo wa ruti umadalira kwambiri chiwerengero cha mabasi ofunika pa nthawi yomwe anthu achuluka. Basi imodzi yowonjezera ndi galimoto yogula, inshuwalansi, malo m'garaja, ndi madalaivala oposa awiri pa chaka chonse. Njira yachidule yoichotsera ndi kudula mphindi: kuchepetsa nthawi yomwe waipatsa basi kuti ifike kumapeto, kapena yomwe imaima isanatembenuke. Pakompyuta zimakwanira bwino lomwe. Pamsewu, mphindi zimenezo ndi zomwe dalaivala amatambasulira miyendo, kumwa madzi, kupita kuchimbudzi. Mu 2019 TfL idatulutsa kafukufuku wa Loughborough University wokhudza kutopa kwa madalaivala a mabasi a mu London, ndipo ndandanda za mashifiti zidatchulidwa pakati pa zoyambitsa.

Zidandifikapo ine mwini. Tinkateteza ruti yomwe garaja lathu lidaiyendetsa zaka zambiri, ndipo bwana wanga adandipempha kuti ndione ngati basi imodzi ingachoke. Ndidaichotsa, ndandanda idatseka, mtengo udatsika. Ndisanaipereke ndidasindikiza makadi a mashifiti n'kupita nawo kugaraja 4 koloko m'mawa, nthawi yomwe mabasi amatuluka. Pawindo la wogawa ntchito panali kale mzere, iye ali ndi foni kukhutu, akudzutsa munthu wa tsiku lopuma kuti adzatseke shifiti yopanda mwini. Ndidapatsa makadiwo mayi wina woimira madalaivala, yemwe ruti imeneyo ankaidziwa ngati chikhatho chake. Sadalankhule zambiri. Adatenga cholembera n'kuzunguliza maulendo atatu a masana, nthawi yoweruka ana asukulu, n'kundionetsa kuti pa mphambano ina basi imadikira maloboti kawiri kapena katatu isanadutse, ndipo kumapeto kwa rutiyo chimbudzi chili kutsidya kwa msewu waukulu. Mphindi zomwe ndidasiya sizikadakwana ngakhale kuwoloka n'kubwerera.

Ndidabwezera basiyo, n'kulemba zifukwa zake papepala limodzi lomwe bwana wanga adalisainira. Kuyambira pamenepo ndili ndi lamulo langa lomwe sindiliphwanya: nambala iliyonse m'tenda yodalira kuti munthu wina asinthe kagwiridwe kake ka ntchito, munthuyo kapena womuimira aione envelopu isanatsekedwe. Sikuti avomereze zonse. Nthawi zina timasiyana maganizo, kampani n'kupitirira ndi chiganizo chake. Koma pamenepo timadziwa kuti tanyamula chiopsezo chanji, ndipo timachiikira mtengo.

Anzanga owunika ma tenda kwathu angaone kuti nkhaniyi si ya mabasi okha. Tenda ya alonda, ya osesa m'chipatala, ya ophikira ana asukulu, yonse ndi ntchito yomwe mtengo wake waukulu ndi anthu. Kampani ikalemba mtengo woti ukaugawa pa alonda omwe yalonjeza sukufika pa malipiro ochepetsetsa omwe boma lidakhazikitsa, masamu amenewo amatheka ndi pensulo mphindi zisanu, ndipo ayenera kuchitika kalata yopambana isanalembedwe. Mizinda yomwe ikulowa m'njira ya London ikuchulukanso. Greater Manchester idayamba kupereka maruti ake pa makontirakiti pa 24 Seputembala 2023, itakhala zaka 37 msewu uli womasuka. Khonsolo ya Lilongwe kapena ya Lusaka ikadzafuna kuchita chimodzimodzi, funso la malipiro ndi tsogolo la madalaivala ruti ikasintha manja lidzayenera kulembedwa m'mapepala a tenda yoyamba.

Tenda yathu ija tidaluza. Kampani ina idalemba mtengo wotsikirapo, ndipo zomwe idachotsa ndi zake, sindidaone mabuku ake. Ntchito yanga yomaliza pa ruti imeneyo inali kukonza mndandanda wa madalaivala opita nayo pansi pa TUPE: tsiku lomwe aliyense adayamba ntchito, malipiro ake pa ola, masiku ake atchuthi otsala. Mayi uja anali pa mndandandawo. Loweruka lomwe rutiyo idasintha manja adakayamba ku garaja latsopano, yunifolomu ina, malipiro omwewo, zaka zake zonse zikuwerengedwa.

Mwezi wotsatira ndidakwera basi ya ruti 97 kuchokera ku Leyton kulowera ku Chingford, limodzi ndi mkulu uja wa nkhunda padenga. Titadutsa Hoe Street n'kulowa mu Chingford Road adandigwira pamkono n'kuloza pawindo nyumba zogona anthu zomwe zidamangidwa pomwe panali garaja la Walthamstow. Adandionetsa pomwe panali geti lotulukira mabasi, ndi pomwe ankaimika njinga yake.